Banja likatha lithere kukhoti, ndipo mutulukeko ndi pepala m'manja

Mkangano uwu umabuka kawirikawiri pa mapologalamu oimbira foni a pawailesi ndi m'magulu a WhatsApp, makamaka bambo wina wapantchito akamwalira, pamaliro n'kufika amayi awiri, aliyense akunena kuti mkazi wa malemu ndi iyeyo. Woyamba amati ukwati wawo sudathe, adangopatukana. Wachiwiri amati bamboyo adamupeza ali yekha, ankhoswe atamasula kale zonse. Pamenepo anthu amagawikana. Ena amati zimene ankhoswe ndi amfumu adamasula zidatha, khoti lilibepo gawo. Ena amati popanda chigamulo cha khoti palibe chidatha. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ndipo ndikuwonjezerapo kuti kungoponda kukhoti sikokwanira. Munthu amene banja lake latha akasume, adikire chigamulo, ndipo asachoke asanatenge pepala lolembedwa, losainidwa ndi lodindidwa, n'kukalisunga monga asungira chiphaso chake cha unzika. Makhoti nawonso ali ndi ngongole kwa anthu, yoti pepalalo lizipezeka popanda kumuyendetsa munthu miyezi.

Tiyambe ndi zimene lamulo likunena, chifukwa ambiri amatsutsana asanalimve. Lamulo la maukwati, kutha kwa maukwati ndi za m'banja la 2015 limazindikira maukwati amitundu inayi: wolembetsa kuboma, umene anthu amati wa kwa DC, wachikhalidwe wodzera mwa ankhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa anthu amene adangolowana n'kukhala limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu, khoti likaunika n'kupeza kuti lidali banjadi. Maukwati onsewa ndi olemera mofanana pamaso pa lamulo. Izi zidakomera makamaka amayi a kumudzi, amene kale ukwati wawo unkaoneka ngati wotsika poyerekeza ndi wa setifiketi. Koma ulemuwo udabwera ndi zotsatira zake: ukwati umene lamulo laulemekeza chotere suthera pakhonde la malume. Mphamvu yonena kuti watha, ndi yogamula za ana ndi katundu mwanjira yoti wokana akakamizidwe, ili ndi khoti. Chimene khoti limafuna kuona ndi chimodzi, kuti banjalo lasweka moti silingakonzekenso, ndipo chigololo, nkhanza kapena kuthawa pakhomo ndi umboni chabe wosonyeza kuswekako. Pamwamba pa zonsezi pali gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa banja ndi chithandizo choyenera ukwati ukatha. Ufulu umenewu sugwira ntchito wokha. Umafuna chigamulo.

Otsutsa oyamba ndi amene amati tikunyoza chikhalidwe. Mfundo yawo ndi yomveka ndipo ndiyenera kuifotokoza mwachilungamo. Ankhoswe ndi amene adamanga banjalo, amawadziwa anthu awiriwa kuyambira pa chibwenzi, akhala akuweruza mikangano yawo zaka zonse, ndipo amathetsa nkhani mosataya ulemu wa mabanja awiri amene adzapitirizabe kukumana pa maliro ndi pa zinkhoswe za ana. Woweruza wa kuboma ndi mlendo amene wawaona anthuwa kwa maola ochepa. Zonsezi ndi zoona. Koma tionenso mbali inayo. Ankhoswe ndi anthu, amakalamba, amamwalira, amasamuka, ndipo aliyense ali ndi mbali yake, chifukwa nkhoswe ya kuchimuna ndi m'bale wa mwamuna. Pakatha zaka khumi, amene adakhala pa mkeka tsiku lomasulana lija mwina watsala mmodzi, ndipo akukumbukira zokomera mphwake. Chachiwiri, ankhoswe alibe dzanja lokakamiza. Akagwirizana kuti bambo azitumiza ndalama ya ana mwezi uliwonse, iye n'kutumiza miyezi iwiri yokha, angachite chiyani kuposa kumudandaulira? Pamene chili chigamulo cha khoti, mayi amabwerera kukhoti komweko ndi pepala lake, bamboyo amaitanidwa kuti adzafotokoze, ndipo katundu wake akhoza kugwidwa. Chachitatu, khoti silitaya ankhoswe. Pa mlandu wa ukwati wachikhalidwe majisitireti amafuna kumva kwa iwo: kodi ukwatiwu udalipodi, mudayesapo kuwayanjanitsa kangati, chidakanika n'chiyani? Nthawi zambiri, ngati nkhani sidapite kwa ankhoswe, woweruza amawabweza anthuwo kuti akayambe kumeneko. Ngakhale miyambo imene imateteza mayi, monga udindo wa mwamuna wa chikamwini womangira mkazi nyumba kwawo, makhoti athu akhala akuilemekeza ndi kulamula kuti itsatidwe. Choncho khoti sililanda ntchito ya chikhalidwe. Limaika chidindo pa zimene chikhalidwe chokha sichingathe kukakamiza.

Kuopsa kwa banja lothera pakamwa kumaonekera bwino munthu akamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akafa osasiya wilo, oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana. Tsono ku ofesi ya DC kapena ya Administrator General, kumene mabanja amapita kukatsata ndalama za malemu, funso limakhala lakuti mkazi wake ndani. Taganizirani mayi amene wakhala ndi bambo zaka khumi ndi ziwiri, wamusamalira m'chipatala mpaka tsiku lomaliza, atakhala pa benchi ndi kanvulopu ka zikalata za kuchipatala ndi makadi a sikelo a ana. Pambali pake pakhala mayi wina amene adasiyana ndi malemu kalekale, koma m'manja mwake muli setifiketi ya ukwati wa kuboma yomwe palibe khoti lidaithetsa. Wogwira ntchito mu ofesimo sangaweruze ndi chisoni, amayang'ana pepala. Ndipo pa ukwati wa kuboma nkhani imakula, chifukwa ukwati umenewu ndi wa mkazi mmodzi ndi mwamuna mmodzi. Kukwatira kapena kukwatiwa kwina usanathe ndi mlandu wokhala ndi chilango cha kundende, ndipo ukwati wachiwiriwo lamulo siliuwerengera. Amene amavulala kwambiri si malemu ayi, ndi mayi wachiwiri uja amene adakhulupirira mawu akuti "zija zidatha kale".

Otsutsa achiwiri ndi a mipingo ndi ena amene amati kuphunzitsa anthu njira ya kukhoti n'kulimbikitsa kutha kwa mabanja. Amati banja ndi kupirira, ndipo chimene Mulungu wamanga munthu asachimasule. Chikhulupiriro chimenechi ndimachilemekeza, ndipo palibe lamulo lokakamiza mpingo kusintha chiphunzitso chake. Mpingo wa Katolika, mwachitsanzo, suvomereza chisudzulo ndipo uli ndi bwalo lakelake loona ngati ukwati udamangidwa moyenera, ndipo chigamulo cha khoti la boma sichisintha zimenezo. Koma anthu amene ndikukamba pano si amene akuganiza zosiyana. Ndi amene adasiyana kale, wina ali ku Ndirande wina ali ku Mchinji, aliyense adayamba moyo wina. Kuwaletsa kupita kukhoti sikubwezeretsa banja lawo. Kumangosiya ana opanda chigamulo cha amene aziwasunga ndi amene azilipira fizi, ndiponso kumasiya nyumba m'dzina la amene ali ndi mphamvu. Komanso khoti silithamangira kuthetsa ukwati. Likaona kuti mpata woyanjana ulipo, limaimitsa mlandu kuti anthu akakambirane. Ndipo pamene pali nkhanza, mawu akuti kupirira aikitsa amayi ambiri m'manda. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti wankhanza asayandikire mnzake, ngakhale kumutulutsa m'nyumba, ndipo munthu akhoza kupempha chiletsocho mlandu wa ukwati usanayambe n'komwe.

Otsutsa achitatu amati khoti ndi la anthu a ndalama: maloya, Chingerezi, maulendo osatha. Apa anthu ambiri amaopa chinthu chimene sadachione. Ukwati wachikhalidwe, umene ndi wa Amalawi ochuluka, umathetsedwa kukhoti la majisitireti, ndipo loya safunika. Mumapita ku ofesi ya kalaliki wa milandu ya anthu wamba, osati ya milandu ya upandu, n'kunena kuti mukufuna kusuma nkhani ya banja. Kalaliki amalemba samani yokhala ndi dzina lanu, dzina la mnzanuyo, kumene amakhala ndi chimene mukudandaula. Mumalipira ndalama ya samani ndi kulandira risiti ya boma. Ndalama iliyonse yoperekedwa popanda risiti si ya khoti, ndipo musaipereke. Pa samaniyo pamalembedwa nambala ya mlandu ndi chaka chake, ndipo nambala imeneyi ndiyo chingwe chimene mudzakokere fayilo yanu moyo wanu wonse. Ilembeni m'malo atatu, ijambuleni pa foni, muuzenso m'bale mmodzi wodalirika. Samani iyenera kufika m'manja mwa wosumiridwayo, ndipo khoti limafuna umboni woti idafikadi. Milandu yambiri imaima pamenepa, chifukwa wosuma adapereka malo olakwika kapena mwamuna adapita ku Joni. Zikatero musangokhala, kauzeni khoti, chifukwa likhoza kuloleza njira ina yomudziwitsira, ndipo munthu amene wadziwitsidwa bwino n'kusankha kusabwera sangaimitse mlandu mpaka kalekale. Tsiku la mlandu mubwere ndi ankhoswe, mboni zimene zidaona zinthu ndi maso, makalata a kuchipatala kapena a kupolisi ngati padali kumenyedwa, zikalata zosonyeza zaka za ana, ndi mndandanda wa katundu amene mudapeza muli limodzi. Mumayankhula m'chiyankhulo chanu, womasulira alipo.

Pa mndandanda wa katunduwo ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene amayi ambiri amadziluzitsa okha. Musalembe kuti "katundu wa m'nyumba". Lembani chimodzichimodzi: nyumba ya malata ya zipinda zitatu pa poloti yakutiyakuti, njinga yamoto nambala yake iyi, ng'ombe zinayi zili kwa uje, chigayo, matumba a chimanga, ndalama za kubanki m'khonde, ngakhale ngongole zimene mudatenga limodzi. Lamulo la 2015 limauza khoti kuti pogawa liziwerengera osati ndalama zokha zimene munthu adaponya, komanso ntchito za pakhomo, kulera ana, kulima ndi kuphikira amisiri pomanga nyumba. Mayi amene sadalembedwepo ntchito asalowe m'khoti ndi mtima woti alibe kanthu. Koma woweruza sangagawe chimene sadauzidwe, ndipo chinthu chimene sichidatchulidwe pa mlandu chimavuta kuchitsata pambuyo pake.

Ukwati wolembetsa kuboma njira yake ndi ina, ndipo pano otsutsa aja ali ndi mfundo. Umenewu umapita ku High Court, ku nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, ndipo High Court ili ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ulendo wake ndi wautali. Pamafunika pempho lolembedwa mwa dongosolo la khoti, setifiketi ya ukwati ndi umboni wolumbirira, zinthu zovuta kuzichita wekha. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene lidakhazikitsidwira anthu otere. Koma msampha waukulu pa njira iyi si ndalama. Jaji akakhutira kuti banja lasweka amapereka chigamulo choyamba, chimene maloya amachitcha decree nisi. Anthu ambiri amatuluka m'khoti tsiku limenelo akuganiza kuti zatha, ena mpaka kukonzekera ukwati wina. Ukwati umakhala usanathe. Pamayenera kudutsa nthawi imene lamulo limaika, kenaka n'kupempha chigamulo chomaliza, decree absolute, ndipo chimenechi sichibwera chokha ngati palibe wachitsata. Munthu amene ali ndi decree nisi yokha m'sutikesi akadali pabanja.

Tsopano za pepala lenilenilo. Kukhoti la majisitireti chigamulo kawirikawiri chimawerengedwa pakamwa, kuchokera m'zimene woweruza walemba ndi dzanja m'fayilo. Anthu amamva kuti "ukwati watha", wina amalira, wina amapumira m'mwamba, onse n'kukwera minibasi kubwerera kwawo. Kulakwitsa kwake ndi kumeneku. Tsiku lomwelo bwererani kwa kalaliki mukapemphe chigamulo chotayipidwa. Chikatuluka, muone zinthu izi musanachoke pawindo: dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi chaka, mayina a nonse awiri olembedwa ndendende monga alili pa ziphaso zanu za unzika, tsiku la chigamulo, mawu onena poyera kuti ukwati wathetsedwa, siginecha ya woweruza ndi chidindo cha khoti. Chilembo chimodzi cholakwika pa dzina chikhoza kukubwezani ku banki kapena ku ofesi ya penshoni patapita zaka. Muonenso kuti zimene zidagamulidwa pa ana ndi katundu zalembedwa momveka: ana azikhala ndi yani, winayo aziwaona liti, ndalama zingati pamwezi, zizilipidwa pofika tsiku liti ndiponso kudzera kuti. Ngati pali nyumba ya pa poloti yolembetsedwa kapena galimoto, nambala zake zilembedwe, chifukwa a za malo ndi a Road Traffic sasintha dzina la mwini potengera mawu akuti "nyumba ipite kwa mkazi". Pepalalo limakhala m'Chingerezi, choncho pemphani kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani. Mukatero jambulitsani makope angapo, khoti liwatsimikize ndi chidindo, ndipo musawasunge onse m'nyumba imodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pali chifukwa chinanso chofulumirira: amene sadakhutire ndi chigamulo cha majisitireti amachita apilo ku High Court, nthawi yochitira apiloyo ndi ya masiku owerengeka, ndipo apilo siyenda popanda zolembedwa za mlandu.

Mfundo yolimba kuposa zonse ya otsutsa ndi yakuti pepalalo limavuta kulipeza, ndipo apa sindiwatsutsa. Madandaulo a mafayilo osowa m'makhoti athu si achilendo. Munthu amene mlandu wake udatha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo akapita kukapempha kope, amafunsidwa nambala ya mlandu. Akakhala kuti alibe, kalaliki amayenera kutsegula mabuku akuluakulu olembedwa pamanja, chaka ndi chaka, kufunafuna dzina, kenaka kukasakatula m'chipinda chodzaza mitolo ya mafayilo omangidwa ndi zingwe, ena atadyedwa ndi chiswe kapena kunyowa ndi denga lodontha. Woweruza amene adamva mlanduwo adasamutsidwa kalekale. Wotayipa ndi mmodzi, makina osindikizira alibe inki. Pamenepo ndi pamene pamamera mawu oti "tangoganizani za fanta", ndipo wosauka amabwerera chimanjamanja. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa amene amagwa nazo ndi yemwe uja adachita zonse moyenera. Koma yankho la nkhokwe yodontha si kuleka kukolola. Kuvuta kopeza fayilo yakale ndi chifukwa chenicheni chotengera pepala tsiku la chigamulo, fayilo ikadali pa tebulo. Kwa amene adachedwa kale, njira ilipobe: pitani kukhoti lomwe lidamva mlanduwo, osati lina, mutatenga chiphaso chanu, mayina onse awiri monga adalembedwera nthawi imeneyo, chaka ndi mwezi ngati mukukumbukira, dzina la woweruza, ndi risiti kapena samani yakale ngati ilipo. Lembani kalata yopempha kope, musunge ina yodindidwa kuti alandira. Mukaona kuti mukungozunguliridwa, pemphani kuonana ndi majisitireti woyang'anira khotilo, ndipo ngati fayilo yatayikadi, khoti ndilo liyenera kunena njira yokonzera zolembedwazo kuchokera m'mabuku ake, osati kukuuzani kuti mukayambirenso.

Ena amati kukhoti n'kochititsa manyazi, nkhani za kuchipinda zimakambidwa anthu akumva. Manyaziwo ndi enieni, ndipo munthu akhoza kupempha woweruza kuti mbali zina zimvedwe anthu atatuluka, makamaka zokhudza ana. Koma manyazi a tsiku limodzi sangafanane ndi kukanganirana mtembo anthu a mudzi wonse akuonerera.

Kwa abale athu amene ali ku South Africa, ku Britain ndi kwina, nkhaniyi ilibe n'kukambirana komwe. Ofesi yomangitsa ukwati ku Johannesburg kapena ya za viza ku London sidziwa nkhoswe, ndipo kalata ya amfumu siiwerengera. Imafuna chigamulo cha khoti chotsimikizidwa, ndipo kawirikawiri imafunanso chidindo chapadera chotchedwa apostille, chimene Malawi amapereka chifukwa ali m'pangano la mayiko lovomerezana zikalata zotere. Munthu amene adachoka m'dziko muno atangosiyana pakamwa amadzapezeka akutumiza ndalama kwa achibale kuti amuyambitsire mlandu ali kutali, mnzake uja atasowa kapena atakwiya.

Ku nthambi ya za makhoti pempho langa ndi laling'ono poyerekeza ndi mavuto amene lingathetse. Chigamulo chothetsa ukwati chikhale ndi fomu ya tsamba limodzi, yodzazidwa ndi kudindidwa tsiku lomwelo, aliyense mwa awiriwo n'kupatsidwa yake asanatuluke pageti, ngakhale zifukwa zonse za chigamulo zitadzatayipidwa pambuyo. Mitengo ya samani ndi ya makope imatidwe pakhoma la khoti lililonse m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti pasakhale wonamizidwa. Ndipo popeza kuyambira 2017 Amalawi akuluakulu ali ndi nambala ya chiphaso cha unzika, nambala za anthu awiriwo zizilembedwa pa fayilo ndi m'kaundula wa pa kompyuta, kuti munthu amene mlandu wake udamvedwa ku Mangochi athe kupempha kope lake ali ku Karonga pongotchula nambala yake.